Mphemvu za m'Maikulowevu

Evelina anali atangotha masabata atatu m'banja pomwe maikulowevu ya apongozi ake inamufera m'manja. Anangoikamo mbale ya nyemba, kudina batani, kenako panamveka kuthetheka ndi fungo la chopserera. Basi, mlandu unali wake.

Apongoziwo, a Gertrude, ankadziwika Zingwangwa yonse ndi ukhondo. Kuchigwirizano cha amayi ndiwo ankalangiza anzawo za pakhomo, ndipo akalowa m'khitchini mwa munthu ankayendetsa chala pamwamba pa kabati n'kuchiyang'ana ngati chatola fumbi. Maikulowevuyo anawatumizira mwana wawo wina wa ku Joni. Kutenthetseramo chakudya ankaumira poopa kutha mayunitsi. Ntchito yake yeniyeni inali kubisamo nyama yotsala ndi zitumbuwa kuti adzukulu asazione.

Tsiku lomwelo a Gertrude anagamula kuti mtsikana wamanja owononga chonchi sanalangizidwe, ankhoswe abwere Loweruka akamutule kwawo akayambirenso. Evelina mtima unamuchoka. Kubwezedwa ku Bangwe ukwati usanathe ndi mwezi womwe, anthu akanamuseka mpaka ukalamba.

Lachinayi anamusenzetsa chinthucho mpaka kwa a Salehe, okonza zamagetsi pakhonde la golosale ku Mbayani. A Gertrude anafotokoza mlandu wonse mokweza, kuti amayi ogulitsa tomato chapafupi amve bwino.

A Salehe anamasula masikuluwu, ndipo atangotukula chivundikiro, mphemvu zinakhamukira pabenchi: zazikulu, zazing'ono, zina zikukoka mazira kumbuyo. Ogulitsa tomato anathawa atakweza zitenje. Mkuluyo anaonetsa imodzi yomwe inapsera pamawaya n'kuphulitsa fyuzi, nati vuto lonse linali limeneli.

A Gertrude anati tizilomboto tinabwera ndi katundu wa mtsikanayu.

"Ayi mayi, izi n'zobadwira momwemu," anatero a Salehe, akusesa mkatimo ndi bulashi ya penti. "Onani mitembo ya azigogo awo. Zaka zitatu zikwana."

Apa n'kuti mmodzi wa ogulitsa tomato aja atayandikira, akuwayang'anitsitsa nkhope a Gertrude. Anafunsa ngati awa sanali amayi aukhondo a ku Zingwangwa aja, omwe anadzaphunzitsa kumpingo kwawo chaka chatha.

Evelina anali ndi chiseko pakhosi, ndipo kunena zoona anali nawo ufulu woseka. Koma anawamvera chisoni apongozi akewo.

"Mwawasokoneza, mayi. Ife ndife a ku Chilobwe," anatero Evelina.

Fyuzi yatsopano italowa, mbale yam'kati inayamba kuzungulira ngati sipanachitike kanthu. Pobwerera, a Gertrude anainyamula okha maikulowevuyo n'kuifukata pamiyendo m'minibasi. Anaimbira ankhoswe kuti Loweruka lawatangwanitsa, asavutike kubwera. Atafika pasiteji ananong'oneza Evelina osatembenuka.

"Mwana wanga, amuna ako asakamve zimenezi."