Mizu Yopanda Masamba

Lachitatu lapitali, cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, ndinalota zomwe zandisowetsa mtendere.

Ndinalota ndili ku labotale ya mumzinda, komwe mwezi watha ndinakapereka mizu ya mtengo wina wa kuphiri kwathu kuti aipime ngati ingachize khansa. Mkazi wanga Nabanda, yemwe akudwala matendawa, anali pabenchi atafunda chitenje. M'chipindamo munkazizira ngati m'filiji, mukununkha sipiriti.

Mayi wovala gauni yoyera anasuzumira m'makina, n'kunena kuti, "Bambo, masamba ake ali kuti? Ndi mizu yokha sitingaudziwe mtengowu."

"Kwathu timakumba mizu basi," ndinatero.

"Ndiye khalani pamzere."

Nditatembenuka, pamzerepo panali mitengo yokhayokha, miwawani ndi mivunguti, dothi likuyoyoka kumizu. Mzerewo sunkayenda. Ndinayesa kudandaula, koma m'kamwa munadzaza makungwa owawa.

Nabanda anati, "Bambo a Chikondi, basi ya kuchipatala itisiya."

Tanthauzo la malotowa sindikulidziwa. Kutacha ndinakwera phiri kukathyola masambawo, koma mtengowo unali utayoyola onse, poti n'chilimwe. Ndinathyola kanthambi kouma, n'kutsika msanga kukaperekeza Nabanda kuchipatala.