Mavesi a Tsiku Lotsegulira Tchalitchi

"Mavesi asintha, mayi," anatero abusa pondipatsira kapepala pakhomo. "Tsiku lotsegulira tchalitchi limakhala ndi mavesi akeake. Pepani, ndinaiwala kukuuzani."

Sabata yonse ndinakhala ndikuloweza ena aja, uku ndikuchapa matewera, mlamu wanga akundiwerengera mzere ndi mzere. Ndinkatero kwa zaka zitatu, chiyambire mpingo wathu wa Lutheran m'galaja ya amakaniko, tili anthu asanu ndi anayi okhalira matayala. Sukulu ndinaisiyira panjira. Kuwerenga ndinkatha, koma ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala yoterera. Ndinkangotsegula buku n'kulankhula za pamtima, ndipo kupatula mlamuyo palibe ankadziwa.

Tsopano nyumba zinali zitamera paliponse m'dera lathu. M'mabenchi atsopano munadzaza aphunzitsi, manesi ndi mabwana a m'maofesi.

Ndinamukokera mlamu kuseri kwa tchalitchi.

"Alamu, ndafa ine. Kawerengeni ndinu."

"Ine? Ndi mawu anga a bakhawa? Dzina lili papulogalamu ndi lanu."

"Ndiye ndinena kuti mwana watsegula m'mimba."

"Bodza pa tsiku lodalitsa nyumba ya Mulungu? Mwana ali gone chonchi? Bwera naye kuno, iwe!"

Anandimasula mwana kumsana. Belu linalira.

Nditaima kutsogolo, zilembo zinkayenda ngati nyerere. Ndinadina chala pa liwu loyamba n'kuyamba kulitchula chidutswachidutswa. Pa mzere wachitatu ndinakodwa. Wina anatsokomola. Mayi wina wa chipewa chachikulu ananong'oneza mnzake, ndipo ndinamva bwinobwino.

"Si yemweyu amathamanga masiku onse? Lero watani?"

Ndinalakalaka simenti itang'ambika. Koma pothawira panalibe, chitseko chinali kutali. Ndinabwerera pa liwu londikola lija, ndinaligawa patatu, linatuluka. Thukuta linadontha pa Baibulo latsopano. Mavesi asanu ndi atatu anatalika ngati ulendo wa pansi.

Nditamaliza ndinadzutsa mutu kuti ndione amene akundiseka. M'mabenchi a kumbuyo palibe ankandiyang'ana. Alonda, amayi ochapa m'nyumba za anthu, bambo wokalamba wosoka nsapato, onse anali atawerama pa mabaibulo awo, milomo ikugwedera potsatira mawu. Chala cha bamboyo chinali chitangofika kumene pa liwu lomaliza.