Wotchi Yakuda ya Benson

Kupatula Ababa, sindinauzepo munthu aliyense, ngakhale Amayi, kuti ine sindinkafuna kuti Benson akhale ndi wotchi. Ndikudziwa mmene zikumvekera. Mtsikana woti wamaliza Fomu Folo, n'kumadana ndi kanthu ka pamkono pa mnzake. Koma zinali choncho.

Ababa amakonza magalimoto kuseri kwa mashopu ku Chikanga, kuno ku Mutare, pansi pa kashedi ka malata. Loweruka amakasamalira dimba la nyumba ina ku Fairbridge Park. Foni yawo inagwerapo m'beseni la oyilo wakuda, ndipo kuchokera tsiku limenelo safunanso kugwira foni ali pantchito. Ine nditalemba mayeso ndinayamba kupita nawo. Ntchito yanga sinali yaikulu: kuwapatsira masipanala, kutsuka manati m'palafini, n'kukhala patayala foni ili m'thumba. Akalowa kunsi kwa galimoto, miyendo yokha ili kunja, ankangoti, "Tecla, nthawi?" ine n'kuyankha. Ikakwana nthawi ya mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi, ndinkawagogoda nsapato. Ku Fairbridge Park ndine ndinkadziwa nthawi yozimitsa pampu isanayambe kukoka mpweya m'malo mwa madzi.

Ine sindiyankhula kwambiri. Chichewa changa chimatuluka chosakanikirana ndi Chishona, ndipo kutchalitchi azimayi ena amamwetulira ndikangotsegula pakamwa. Koma funso la Ababa lija ndinkaliyankha osaphonya.

Kenako kunabwera Benson, mwana wa azakhali anga a ku Dedza, mlongo wawo wa Ababa. Anafika ndi kachikwama kamodzi ndi Chichewa chonse cha kwawo. Tsiku loyamba lomwelo Ababa anaseka kuseka kumene sindinkakudziwa, kochita kugwira m'mimba. Ankayankhulana mothamanga za anthu amene sindinawaonepo, ine n'kumangotola mawu apa ndi apo.

"Msuweni," ankandiitana choncho Benson. "Mkazi wanga wa ku Zimbabwe, ukundithawiranji?"

Ababa ankaseka n'kundiuza kuti ndisakwiye, ndi mmene asuweni amachezera kwathu. Kwathu kuti? Ine ndinabadwira ku Mutare konkuno.

Tsiku lina Amayi, amene ndi Mshona, anafunsa chifukwa chake Benson waguliridwa ovololo yatsopano asanagwire ndi sipanala yomwe.

"Kwathu mwana wa mlongo ndiye mbumba," anatero Ababa. "Benson akavutika, anthu adzafunsa ine. Mwini mbumba ndine. Tecla ali ndi amalume ake."

"Amalume ake ati?" Amayi anaseka. "Alongo anga amati Tecla ndi wa kwa Mailosi, kwa inuyo. Kwathu mwana ndi wa bambo ake."

Sanakangane. Anaseka onse awiri, nkhani n'kulowa kwina. Ine ndinali kutsuka mbale pakhomo, ndipo ndinatsuka mbale imodzi nthawi yaitali. Kwa Amayi ndine wa Ababa. Kwa Ababa ndine wa kwa Amayi. Benson yekha ndiye anali ndi mwini wake wosakana.

Mmawa wina tili ku garaja, Ababa anandiitana akupukuta manja.

"Tecla, pita ndi msuweni wako ku matebulo a pa renki, mukasankhe wotchi. Yotchipa koma yolimba. Iwe ntchito yathu ukuidziwa. Akakhala nayo, iwe upume, uzikhala kunyumba podikira zotsatira, m'malo mopsa ndi dzuwa patayalapa."

Anazinena ngati akundipatsa mphatso. Ndinati, "Chabwino, Ababa."

Pa renki ya makombi, maminibasi a kuno, pali mnyamata wina dzina lake Rangarirai, amagulitsa maloko, matchaja ndi mawotchi omangirira pa katoni. Benson sanachedwe. Dzanja lake linalunjika pa wotchi yooneka ngati yagolide, ya lamba wachitsulo, yonyezimira moti munthu n'kudzionerapo mano.

"Iyi, msuweni. Ndikadzatsika nayo pa Dedza, atsikana adzasiya mitolo pamsewu."

Rangarirai anandiuza m'Chishona kuti mkulu wangayu ali ndi diso, ndipo anayamba kale kuimasula pakatoni.

Ine ndinkadziwa chinthu chimene Benson sankadziwa. Pamkono wamanzere wa Ababa pali chipsera choyera chozungulira ngati chibangili. Ndisanabadwe, anali ndi wotchi ya lamba wachitsulo. Tsiku lina akumasula batire ya galimoto, lambayo anakhudza mutu wa batire ndi chitsulo cha galimoto nthawi imodzi, n'kutentha mpaka kumatirira pakhungu. Benson anali asanachione chipseracho, chifukwa manja a ovololo amachiphimba.

Ndinangoima. Ndinamuona Benson m'maganizo mwanga atakhala kunyumba, mkono uli ndi bandeji, ine nditabwerera patayala langa. Maganizo amenewo sindinawathamangitse msanga. Ndinawalola akhale, ndikumvetsera makombi akuitanira anthu a m'tauni. Mpaka lero chimene chimandiopsa n'chakuti ankandikomera.

"Aa, yandiluma ubweya," anatero Benson akuseka. Anandilozetsa mkono. "Tandimangira, mkazi wanga, kachitsulo aka kakundikanika."

Ndinaugwira mkonowo. Unali woonda kuposa mmene ndinkaganizira, mitsempha ili poyera, ndi kabala kouma ka waya kuchokera ku dimba Loweruka lapitalo.

"Vula," ndinatero.

"Bwanji?"

"Ndi yachitsulo. Ikakhudza batire ikuotcha mpaka fupa. Ukawaone Ababa mkono wamanzere."

Anandiyang'ana, ndipo ulendo uno sanaseke. Anaivula yekha.

Ndinaloza ina imene inali pakona ya katoni, yakuda, yopanda chokongola chilichonse. Lamba wake anali wa labala, thupi la pulasitiki, manambala akuluakulu oti munthu n'kuwawerenga ali kunsi kwa galimoto. Galasi lake linali lolowa m'kati, moti ukaigunditsa pa injini chimene chimagunda ndi mphepete. Ndinaitembenuza kuona ngati kuseri kuli tizisikuluu, kuti batire ikadzatha tidzangosintha. Ndinakoka lambayo mwamphamvu mbali zonse ziwiri.

"Sisi, mukufuna kuigula kapena kuipha?" anafunsa Rangarirai.

Ndinamuuza kuti aiviike m'madzi. Anadandaula pang'ono, koma anatsanulira madzi a m'botolo lake m'kachitini n'kuiponyamo. Tinaiyang'ana tonse atatu, manambala akusinthabe pansi pa madzi. Ataivuula ndinaipukuta pa siketi, ndipo m'kati mwa galasi munalibe nthunzi.

"Ikuoneka ngati ya alonda," anatero Benson.

"Payipi ya ku Fairbridge Park sisankha nkhope."

"Ee, kani umayankhula? Ndinkayesa amalume anabala chithunzi."

Ndinaivala pamkono panga kuti ndiikonze nthawi mofanana ndi foni. Inandikwana pa bowo lomaliza. Titamaliza ndi Rangarirai sindinaivule. Tinadutsa pa mashopu, pa azimayi a tomato, pa anyamata owotcherera mageti, ili pamkono panga. Labalayo anayamba kufunda ndi thupi langa. Benson anaiyang'ana kangapo.

"Msuweni, kodi kuno mumalowolana ndi mawotchi? Undiuziretu."

Ndinangopitiriza kuyenda, ndipo iye anayamba kuimba mluzu.

Tinawapeza Ababa atawerama pa injini ya kombi. Anawongoka, n'kugwira mkono wanga ndi zala ziwiri kuti asandidetse, n'kuitembenuza wotchiyo uku ndi uku. Anakanda lamba ndi chikhadabo.

"Labala. Wasankha bwino, mwana wanga. Ndinadziwa. Tsopano mpatse mwini wake."

Ndinaimasula. Kachitsulo ka lamba kanandivuta. Benson anailandira ndi manja awiri, n'kuivala. Anandiyang'ana, anayang'ana Ababa, kenako anati akatunge madzi ku mpopi wa kuseri, ngakhale chigubu chinali chodzaza. Ananyamula ndowa n'kuchoka.

Ababa anali atabwerera kale pa injini. Ndinkangoona msana wawo ndi chigamba cha pa ovololo chimene ndinasoka ine. Ndikanatha kungotenga njira ya kunyumba, ndipo mawa lake akanadzuka awiri, ine n'kutsala ndikusesa pabwalo.

"Ababa."

"Mm."

"Ababa, tandiyang'anani."

Anatembenuka, sipanala ili m'manja. Sindinawauzepo mawu otere chibadwire, ndipo nawonso anadabwa.

"Ine sindikufuna kupuma. Sindinatope." Mawu ankabwera m'Chishona, ine n'kumawabweza kuti atuluke m'chiyankhulo cha Ababa. "Wotchi ija ndasankha yabwino, koma sindinkafuna kuti akhale nayo. Pa renki paja ndinatsala pang'ono kumusiya agule yachitsulo. Ndili ndi shanje, Ababa. Nsanje. Benson mumati ndi mbumba yanu. Ine ndikufuna mundiuze kuti ndine wa yani, chifukwa ndikufuna kukhala wanu."