Soseji za Kavalo ku Bab Souika

Mayi Mbarka ndi mpongozi wawo Olfa ankachokera ku sikelo dzuwa lili paliwombo. Msewu wawo wa masiku onse unali utakumbidwa, choncho anadzera m'kanjira kena ka ku Bab Souika, kumene ophika ndi ogulitsa a mu Tunis amapanikizana khomo ndi khomo. Olfa, amene pakati pake panali patakula ndithu, anangoima, mphuno m'mwamba.

"Amayi, mukulimva fungoli?"

Ankalimva. Utsi unkachokera pakhomo lina lopapatiza, pamene bambo wadazi ankatembenuza soseji pamakala. Pamwamba pa khomolo panali chithunzi cha mutu wa kavalo.

"Tiye, mwana wanga. Kunyumba kuli nsomba."

"Nsomba ayi, Amayi. Ndikufuna zimenezo."

Mayi Mbarka anakumbukira zimene akuluakulu amanena. Mkazi wapakati akalakalaka chakudya koma osachilawa, pamene angadzikande ndi pomwe mwana amadzabadwa ndi banga. Mdzukulu wa mnansi wawo ankayenda ndi banga longa chiwindi patsaya chifukwa cha zomwezi. Ndipo dzanja la Olfa linali litayamba kale ulendo wopita kukhosi.

"Usakande! Gwira dengu ili, manja onse awiri. Ukalisiya tiyambana."

Koma nanga kavalo? Kwawo ku Kef, bambo awo anali ndi kavalo wamkazi woyera amene ankamupukuta thukuta ndi mpango wawo womwe, ndipo atafa anamukumbira manda. Ashehe nawonso sankagwirizana: ena ankati nyamayi njoletsedwa, ena ankati njosayenera chabe. Mayi Mbarka anafika pokalamba osafunsapo, poti nkhaniyi inali isanawapezepo. Komanso za mumsewu sankadya. Ankati zimene zili m'kati mwa soseji amazidziwa ndi Mulungu yekha.

Wadazi uja, amene anzake ankamuitana kuti Mongi, anali ataiona kale mimbayo ndipo ankang'amba buledi. Anawaitana Mayi Mbarka ndi dzina laulemu la amayi achikulire.

"Bwerani naye kuno, Haja. Wapakati sadutsa pakhomo panga chimanjamanja."

"Tadikirani, bambo inu. Muli chiyani m'menemu?"

"Kavalo, Haja. Chithunzicho simunachione? Kapena mumayesa ndine?"

"Ayi, uyo ali ndi tsitsi."

Anthu amene ankadya chiimire anaseka, Mongi nayenso anaseka akusisita dazi lake.

"Kavalo yekhayekha?" anapitiriza Mayi Mbarka. "Si bulu wofa ndi ukalamba? Inu ophika mothamanga mumabisa zambiri m'tsabola."

"Ee, mwandilasa, Haja! Lowani muone nokha."

Analowa, poti mapazi awo anali atanyamuka kale mutu usanavomere. Kuseri kunali kozizira, kotsukidwa bwino, ndipo pa mbedza panalendewera mwendo wathunthu. Iwo ankayembekezera chinthu choopsa, koma anapeza nyama basi, yofiira moderako kuposa ya ng'ombe. Anaidina ndi chala. Anainunkhiza.

"Nanga mafutawa achitiranji chikasu?"

"Udzu, Haja. Kavalo sadya zonyansa. Madokotala amanditumizira anthu ochepa magazi."

"Munamupha m'dzina la Mulungu?"

"Mchimwene wanga ndiye amapha. Sagwira mpeni asanatchule dzina la Mulungu."

"Anali wamtundu wanji? Woyera?"

Mongi anawayang'ana, nthabwala zitamuthera. "Zimenezo sindifunsa, mayi anga. Ndikanamafunsa bwenzi nditasiya kale ntchitoyi."

Yankho limenelo linawakhazika mtima pansi kuposa mayankho ena onse.

"Amayi!" anaitana Olfa ali panja. "Pakhosi pakuyabwa!"

Anatuluka mwachangu. Mtsikanayo anali atakumbatira dengu, akugwedeza mapewa, misozi ili m'maso. Mongi anaika soseji m'buledi, n'kupaka tsabola wosinja, n'kumupatsa Olfa. Koma Mayi Mbarka ndi amene analandira.

Anaima nacho chakudyacho m'manja, chikutentha. Inu amene mumaumba mwana mobisika, anapemphera chamumtima, Inu amene munalenga kavalo ndi womukwera, mukudziwa kuti sindikudziwa. Ngati pali cholakwa pano chikhale pa ine, mwanayu ndi amene ali m'mimbayo muwaleke.

Anatchula dzina la Mulungu n'kuluma.

Anatafuna pang'onopang'ono, akudikira nseru, akudikira kuti nkhope ya bambo awo iwadzudzule. Nseru sinabwere. Nyamayo inali yofewa, yotsekemerako pang'ono, yopanda fungo ngati la nkhosa. Bambo awo anawakumbukira ndithu, koma anawaona akuseka, monga ankasekera mwana akachita mantha ndi chinthu chaching'ono.

"Haja akulira!" anatero wina mwa odya aja.

"Ndi tsabola, iwe. Idya zako."

Anatenga dengu lija n'kumupatsa Olfa bulediyo. Mtsikanayo anadya ngati wochoka kuulendo, mafuta akuyenderera m'zala, osasiya ndi kanyenyeswa komwe. Mayi Mbarka ankayang'anitsitsa pakhosi pake mpaka nthongo yomaliza itatsika.

"Mtima watsika? Palibe china chimene ukulakalaka?"

"Watsika, Amayi. Tsopano ndingakande?"

Mayi Mbarka anapumira m'mwamba, nayamika Mulungu mokweza. "Kanda, mwana wanga. Kanda paliponse pamene ukufuna."