Nirmal ndi Masiki Yake

Zaka ziwiri ndinagwira ntchito nyumba imodzi ndi Nirmal ku Jumeirah, kudziko la Aluya, ine wolera ana, iye dalaivala, koma nkhope yanga sankaidziwa. Ankadziwa mapazi anga. Ndikati, "Nirmal, yalla, fulumira, ana achedwa kusukulu," ankayankha masilipasi anga kuti, "Chabwino, didi." Didi ndiye kuti achemwali. Mwamuna wa zaka 27, wandevu zake, wochokera m'katauni kena ku India, koma mkazi akangoyandikira ankayamba kupukuta galimoto yopukuta kale.

Poyamba ndinkati ndi matama, ndipo zinkandiwawa. Ine Edinah, amene kwathu ku Ntcheu ndinali mlangizi wa maukwati pampingo, munthu osandiyang'ana?

Kenako matenda a korona anafika. Anatitsekera m'nyumba, galimoto zinaima, ndipo madamu analamula kuti aliyense azivala masiki ngakhale pokataya zinyalala. Tsiku lachitatu ndikuyanika zovala, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Didi, kwanu kuli mango?"

Ndinacheuka. Anali Nirmal, masiki mpaka m'munsi mwa maso, akundiyang'ana ndithu. Ndisanayankhe anali atandiuza kale za mango akwawo, za mvula, za mbuzi ya amalume ake. Kani munthuyo anali wolongolola, mawu ankangowasunga.

M'Chizungu chathu chothyokathyoka anandifotokozera. Kwawo m'basi akazi amakhala kutsogolo, amuna kumbuyo. Ali kukoleji, tsiku lina mvula ikugwa anafunditsako ambulera mtsikana wa m'kalasi mwake, mtunda wosakwana bwalo la mpira. Nkhani inafika kunyumba iye asanafike, ndipo anapeza bambo ake ali pakhomo lamba ali m'manja.

"Kuyambira pamenepo mkazi akandiyang'ana ndimamva ngati tauni yonse ikundiona," anatero. "Koma ndikavala ichi palibe akudziwa kuti ndikuchita manyazi."

Ndinaseka, kenako ndinamumvera chisoni. Vuto lake linali lalikulu. Amayi ake anali atamupezera mbeta, ndipo mabanja awiriwo ankayenera kukumana pa vidiyo Lachisanu. Akuluakulu akamaliza kukambirana, awiriwo amapatsidwa mphindi zisanu kuti alankhulane okha. Atsikana awiri anali atamukana kale, poti mphindi zisanuzo anazithera akuwerenga matailosi. Wachitatuyu, Sindhu, anali wina. Akadali kwawo, Nirmal ankamuona pa siteji ya basi m'mawa uliwonse kwa zaka zitatu, osamupatsa ndi moni womwe.

"Uyu akandikana, khalas, basi, sindidzakwatiranso," anatero.

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna," ndinamuuza. "Vula chinthucho tiyeserere. Ine ndine Sindhu."

Anavula. Maso anatsikira pa masilipasi anga, pakamwa panatsekeka. Anavala, mawu mbwee. Tinachita zimenezi masiku anayi, ngati tikuyatsa ndi kuzimitsa wailesi. Nditatopa ndinati mwina akuopa chifukwa sadziwa za m'banja, ndimupatse chilangizo chenicheni ngati chomwe ndimapatsa anyamata akwathu. Ndinangofika pa mutu woyamba, wa kusamba ndi kumeta. Munthu anathamanga n'kukadzikhomera m'galimoto ya abwana, ndipo anatuluka nthawi ya chakudya chamasana.

Lachisanu linakwana. Tinakhala m'chipinda chochapira, ine nditamugwirira foni. Nirmal anabwera atavala malaya ositidwa bwino, ndi masiki yatsopano. Bambo a mtsikana anamufunsa mafunso, iye ankayankha mosadodoma, mpaka madalawo anayamba kugwedeza mutu. Chilankhulo chawo sindichimva, koma nkhope ndimaziwerenga. Mayi wina wa kuchikazi analoza masiki ya Nirmal n'kunena mawu amodzi omwe ndinawamva, korona, kukayikira kuti mwina akudwala. Amayi a Nirmal anakalipa. Mwana wawo anavula masiki, ndipo wailesi inazima.

Akuluakulu ananyamuka kuti awasiye okha, ngakhale chigongono cha azakhali ena chinkaonekabe pakona ya foni. Sindhu anakhala phee, kamtsikana kowonda kovala magalasi. Nirmal anayang'ana makina ochapira. Mphindi imodzi inatha. Yachiwiri. Ndinamuponda phazi, osamva. Zinali ngati wofunsira ndine.

Mphindi yachitatu Sindhu anapumira m'mwamba, analoza masiki yomwe inali pa bondo la Nirmal, n'kunena kanthu mwachidule. Uku sikunafune womasulira. Nirmal anaivala.

Abale, munthu analankhula. Analankhula mpaka chigongono cha azakhali chinasanduka nkhope yonse. Sindhu anamvetsera, anayankha mawu ochepa akuyang'ana kumbali, kenako anabisa nkhope m'manja. Foni inaduka.

Nirmal anakhala pa ndowa yovundikira. Ndinati basi, wachitatunso wapita.

"Wamuuza chiyani?" ndinafunsa.

"Zonse, didi. Kuti ambulera yake inali yobiriwira, yothyoka nthiti imodzi. Kuti Lachiwiri ankachedwa. Kuti ndinkasiya basi ziwiri zidutse kuti ndimuone akafika."

"Ndiye iye wati chiyani?"

"Wati sitolo ya mankhwala yomwe amagwirako ili kuseri kwa nyumba yawo. Amapita wapansi."

"Nanga pa siteji ankatani?"

"Ankadikira kuti ndimupatse moni. Zaka zitatu. Wati wavomera, koma moniwo akuufunabe, wopanda masiki."

Misozi inandilengeza, ine mayi wamkulu amene ndalangiza maukwati oposa makumi atatu. Nditapukuta m'maso ndipamene ndinaona kuti masiki ili m'manja mwake, waikwinyakwinya, ndipo zonsezi wazilankhula akundiyang'ana m'maso.

"Didi," anatero, "kani muli ndi kachipsera pachibwano."

"Kakhalapo zaka makumi anayi," ndinamuuza. "Vala masiki, madamu angatione."