Dzanja pa Utoto Wauwisi

"Dzanja ili ndi la ndani?" anafunsa Nermin.

Amisiri onse anangoyang'ana kudenga, ngati magetsi a m'holomo awaona lero. Pakona ya bwalo la tenesi, m'kati mwenimweni mwa mzere, wina anali atadinda chikhatho utoto usanaume, zala zisanu zotambasula, monga anthu amadindira pothamangitsa diso la kaduka. Utoto wabuluu wa bwalo amausakaniza ndi mchenga, ndiye dzanjalo linalowa ndithu. Nermin anagwetsapo mpira. Unanjanja n'kuthawira kumbali.

Iyi inali ntchito yoyamba imene kampani inamusiyira yekha, ndipo Loweruka pabwalopo panali mpikisano wa ana a mu Cairo monse. Mpira ukanakhota pamaso pa makolo, dzina lotchulidwa likanakhala lake.

"Tambasulani manja," anatero.

"A injiniya, ife tikanafuna tikanapha nkhosa n'kudinda ndi magazi ake pakhoma ngati anthu," anayankha Osta Gaber, kapitao wa amisiriwo. "Yesani la Hamada uyu. Kaya ndi dzanja, kaya ndi fosholo."

"Lanu ndiye labwino, amalume?" anatero Hamada. "Mphete yanu mwana akhoza kuivala m'chiuno."

Nermin anagwada. Dzanjalo linali laling'ono, ndipo pa chala chimodzi panali kamzere ka mphete. Anayerekeza ndi lake. Linali la mkazi.

Posakhalitsa analowa Madamu Soheir, oyang'anira kalabuyo, amene sankatha chiganizo osatchula sukulu yawo ya ku Paris.

"Mwana wanga, zaumbuli zotere muno ayi," anatero. "Bwaloli lang'alukapo kawiri. Mtsikana wathu wodalirika pa tenesi anathyoka bondo pakona yomweyi. Ndiye lero tiwonjezere zamatsenga?"

Ankaloza ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali m'thumba la jekete, chonsecho mayiwa ankayankhula ndi manja onse awiri ngakhale pa foni. Nermin anawathirira tiyi m'kagalasi n'kuwapatsira kumanja. Anamulandira asanaganize. Kunsi kwa zikhadabo zawo zofiira kunali kautoto kabuluu.

Madamu anamwa tiyiyo akuyang'ana pakona paja, osati ngati munthu wonyansidwa.

"Ndiye titani, a injiniya?" anafunsa Osta Gaber.

"Palani, mupakenso lero lomwe," anatero Nermin. "Koma utoto wotsala musautaye. Muusiye m'ndowa pafupi ndi khoma, ndipo popita ku nkhomaliro chitseko musakhome. Wofuna kudinda adinde pakhomapo."