Mizere ya Makala pa Khoma la a Omari

Phewa la a Omari linayamba kuwawa chaka cha referendamu, ndipo pofika chaka chachitatu linali litatopetsa nyumba yonse. Anali msodzi wa ku Senga Bay, wokoka khoka la chilimira m'boti la a Salimu. Tsopano dzanja lamanja silinkakwera kupitirira pachifuwa. Ngakhale malaya ankachita kuwaveka akazi awo, mayi Zahra.

Mayiwo anathowa phewalo ndi madzi otentha mpaka kugwa ulesi. Mphini zinatemedwa. Mapiritsi a m'golosale anamwedwa ngati mtedza. Pomaliza a Omari anamangirira mkonowo pachifuwa ndi chitenje, ati upume. Unapumadi miyezi isanu, n'kuuma gwa!

M'mawa wina mu Epulo, a Salimu anafika pakhomo.

"Achimwene, malo anu ndawasunga nthawi yaitali. Mwera ukaleka mu Sepitembala, pachingwe panu ndiikapo wina. Musandione kuipa mtima."

M'nyumbamo munali ana anayi, ndipo ntchito ina a Omari sankaidziwa.

Masiku amenewo, zipani zitachuluka, nawo ochiritsa a m'misika anachuluka. Pa depoti ya Salima panafika mkulu wina ndi bokosi la mawaya lolumikiza ku batire la galimoto.

"Makina a ku Joni awa! Msana, mawondo, nyamakazi, zonse amagwedeza n'kutulutsa!"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Omari anapitako katatu, mwakachetechete. Mawaya akakhudza phewa thupi lonse linkanjenjemera, iwo n'kumati mankhwala akulowa. Ulendo wachitatu anabwerako ndi matuza awiri, mkono uli chiumire.

Mayi Edina, mlangizi wa zaumoyo woyandikana nawo nyumba, anawapeza mayi Zahra akutsuka mabalawo.

"Kodi abambowa apsa ndi chiyani?"

"Afunseni eni akewo. Ine ndatopa, anzanga. Kuthowa ine, kuveka ine, lero ndikutsuka mabala ochita kukagula."

A Omari anaulula mwamanyazi. Mayi Edina sanawaseke.

"Bambo, zaka zitatu zonsezi, alipo anapima phewali?"

"Kuchipatala akangondipatsa panado. Panado ndili naye kale."

"Mwangoganiza, simunapiteko. Kuli dokotala wa mafupa. Mawa tikwere minibasi limodzi."

Dokotalayo, a Elliot, anaugwira mkonowo, kuutembenuza uku ndi uku, a Omari akukukuta mano.

"Mtsempha wa paphewa unatupa chifukwa chokoka khoka," anatero. "Koma chaumitsa mkonowu ndi chitenje chija. Phewa likakhala osayenda limachita dzimbiri ngati loko."

"Nanga makina aja, adokotala?"

"Kumaiko ena aliko makina ogunda mtsempha wodwala ndi mafunde amphamvu. Amawagwira ndi anthu ophunzira, atamupima kaye wodwala. Kuno sanafike. Zomwe mwakumana nazozo ndi magetsi wamba, akanatha kukuimitsani mtima. Mankhwala anu enieni ndi khoma la nyumba yanu."

Anawaonetsa zochita. Aziwerama, mkono ulendewere, n'kumauzunguza pang'onopang'ono. Kenako aime moyang'ana khoma, zala ziziyenda chokwera ngati kangaude mpaka pamene ululu wayambira. Katatu patsiku, ndipo mwezi uliwonse azibweranso kudzaonedwa.

A Omari anatuluka okhumudwa. Ulendo wonsewu kudzauzidwa zokanda khoma! Koma atafika kunyumba, mayi Zahra anatola khala pamoto n'kulemba mzere pomwe zala zinalekeza tsiku loyamba. Mzerewo unalekeza m'chibwano.

Inali ntchito yotopetsa, yopanda chosangalatsa. Sabata ziwiri zinatha mzere uli pomwepo, ndipo a Omari anafuna kusiya.

"Mukasiya, malaya muzivala nokha," anatero mayi Zahra.

Mayi Edina nawo akamadutsa ankasuzumira pakhomapo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo."

Mu Juni mzere unafika pamphumi. Mu Ogasiti unapitirira mutu. Lachisanu lina ku mzikiti, poyamba kuswali, a Omari anangozindikira kuti manja onse awiri afika m'makutu. Misozi inalengeza.

Mwera utaleka, a Salimu anabweranso. A Omari anatambasula dzanja lamanja, n'kutsitsa nkhafi yomwe inakhala patsindwi la khonde chaka chathunthu.

"Alhamdulillah," anatero a Salimu. "Muyambe ndi zopepuka. Malo ndi anu."

Ululu wa msana, phewa kapena bondo ukatenga milungu osasintha, pitani kuchipatala akakupimeni. Musamange chiwalo miyezi popanda malangizo, ndipo musalole makina a pamsika pathupi panu. Kuchira kwake n'kwapang'onopang'ono, koma kumatheka.

Chaka chimenecho mayi Zahra anazira nyumba yonse ndi dothi latsopano. Pamene panali mizere ya makala paja anapalambalala.